Kuuzira Kamodzi Kokha

Lachiwiri pa 27 Meyi, kutatsala mphindi khumi kuti 11 koloko yam'mawa ikwane, a Mawotchi anaima pa sinki ya m'wodi ya amayi. Anavula wotchi n'kuiponya m'thumba la malaya. Anapaka sopo mpaka m'zigongono, kulowetsa zala pakati pa zinzake, kutokosa m'zikhadabo, monga momwe anawaphunzitsira. Dzina lawo lenileni linalipo pa fomu yomwe a Sista ananyamula, koma palibe ankalitchula. Munthu ukakhala zaka makumi atatu ndi zinayi pa benchi imodzi ukutsegula mimba za mawotchi a eni, ntchito imakulanda dzina.

Akazi awo, omwe aliyense ankawatchula kuti Aphunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale, anali atagona m'chipatalamo masiku 54. Pa 3 Epulo madokotala anawachotsa gawo lalikulu la matumbo lomwe linali litafa, ndipo lotsalalo silinkatha kugwira chakudya chokwanira munthu wamkulu. Choncho ankadyera mu mtsempha. Thumba loyera ngati mkaka linkapachikidwa pa chitsulo, madzi ake n'kumatsika pang'onopang'ono kudzera mu kachubu kolowa pachifuwa, m'munsi mwa fupa la khosi, mpaka mu mtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima. Kachubu koyamba anakaika kumanzere pa 7 Epulo. Pa 29 Epulo tizilombo tinalowera momwemo n'kufika m'magazi. Aphunzitsi ananjenjemera mpaka bedi kumalira, ndipo anatha masiku anayi osazindikira munthu. Kachubuko anakazula, mtsempha wa mbali imeneyo n'kutsekeka. Komwe anali nako tsopano kanali kachiwiri, ka pa 6 Meyi, kumanja. Dokotala ananena mosapsatira kuti njira zolowera m'thupi la munthu n'zowerengeka, ndipo imodzi inali itatayika kale.

Kunyumba akanatha kupita kachubu kali pompo, bola papezeke wodziwa kukasamala. Lamulo la wodiyo linali lakuti a Sista amuone munthuyo akugwira ntchitoyo katatu motsatizana osalakwitsa, ndipo katatu konse asaine. A Mawotchi anali ndi masaini awiri, a pa 20 ndi pa 22 Meyi. Saini yachitatu ikapezeka, Aphunzitsi akanatuluka Lachisanu pa 30. Tsikuli silinasankhidwe mwachisawawa. Madzulo ake mwana wawo mmodzi yekhayo ankafika kuchokera kutali komwe ankagwira ntchito, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, atabereka khanda la miyezi inayi lomwe agogo ake anali asanaligwirepo. Ankabwerera Lamulungu m'mawa. Ndipo m'chipatalamo ana osakwana zaka khumi ndi ziwiri sankaloledwa kupitirira khomo la pansi.

A Sista anali mayi wamfupi, wosathamanga, wosakweza mawu. Odwala ankawatchula kuti Sista Deti, chifukwa akafika pabedi ankayamba ayang'ana deti la pa pulasitala, kenaka nkhope ya mwini pulasitalayo. Pulasitala yoonekera mkati, yomwe inkaphimba polowera kachubu, inkasinthidwa masiku asanu ndi awiri aliwonse, kapena pompopompo ikanyowa kaya ikamatuka. Koma chomwe ankachibwereza kwambiri chinali cha pakamwa pa kachubu, polumikizira thumba. Ankati upapukute ndi kathonje ka sipiriti masekondi khumi ndi asanu, mopotokola ngati ukufinya ndimu, ukatero udikire paume pokha. Osapukutanso, osakupiza, osauzira. Sipiriti amapha tizilombo akamauma, ndiye womufulumizitsa akuthandiza adani.

Pa masekondi a Mawotchi sankasowa wowawerengera. Anali nawo m'magazi. Tsiku loyamba a Sista anawayesa ndi wotchi yawo ya pachifuwa ndipo anapeza kuti sanaphonye ngakhale limodzi. Manja awonso sankanjenjemera. Vuto linali masiki. Akawamanga zolimba, magalasi ankachita nkhungu, ndiye ankawamanga mokhwepa pang'ono.

Anavala magolovesi. Aphunzitsi anamasula batani la pamwamba n'kutembenuzira nkhope kukhoma, monga mwa lamulo. A Mawotchi anatseka kopanira kachubu, anachotsa kachivindikiro, anang'amba kapepala ka thonje, n'kuyamba kupukuta. Atafika pa sekondi yachisanu ndi chinayi, mayi wa bedi loyandikana anayamba kusanza, ndipo a Sista anatembenuka kuti amukankhire beseni. Pa sekondi ya khumi ndi chisanu a Mawotchi anasiya kupukuta. Masiki anali atatsetserekera pachibwano. Anaona kanthu kakang'ono, konyezimira, konyowa, kali pakati pa zala zawo ziwiri, ndipo milomo inachita zomwe inazolowera. Fuu. Kamodzi kokha, kofupika. Anakankha masiki ndi phewa, anadikira, analumikiza sirinji ya madzi amchere, kenaka thumba. A Sista anabwerera, anayang'ana zonse, n'kusaina. Nthawi inali 11:04.

Panjira yobwerera kunyumba a Mawotchi ankangomwetulira anthu osawadziwa. Za fuu uja mutu wawo sunasunge kanthu, monga munthu sakumbukira kuti waphethira kangati.

Nyumba inali itakonzeka kuyambira sabata yathayo. Bedi analikokera pafupi ndi windo. Shelefu ya mabuku a Aphunzitsi anaichotsa thabwa limodzi, analitsuka, analiyanika, n'kulisandutsa poika magolovesi ndi mathonje. M'firiji anapatula chipinda cha pamwamba kuti chikhale cha matumba okhaokha. Makatani anawachapa okha, ndipo amodzi anafupika. Chomwe sanathe kukonza chinali kachetechete. M'nyumbamo munali mawotchi asanu ndi awiri a pakhoma, ena osiyidwa ndi eni ake zaka zapitazo, ndipo Aphunzitsi ankakonda kunena kuti anakwatiwa pa mitala. Kale phokoso lawo silinkamveka chifukwa pamwamba pake panali wailesi, mapoto, ndi mawu a mayi wokonza galamala ya owerenga nkhani. Tsopano linkamveka lonse, wotchi iliyonse payokha. A Mawotchi ankadya chiimire pa sinki. Juzi ya akazi awo inali pamsana pa mpando momwe anaisiyira pa 2 Epulo, dzanja limodzi litalowa mkati, ndipo iwo ankaizungulira osaikhudza.

Lachitatu m'mawa anatsegula benchi yawo pa khonde la sitolo ya zitsulo, pomwe msewu umakhota kupita ku depoti. Pambali pawo, monga mwa masiku onse, panali a Nsapato, wosoka nsapato yemwe anakalamba nawo limodzi pakhondepo. A Nsapato anawaseka kuti ameta ndevu ngati mkwati, ndipo anafunsa ngati pa 30 padzakhale ankhoswe. A Mawotchi anayankha kuti munthu wokhalira kununkhiza mapazi a anthu sangadziwe za ukhondo. Anaika kagalasi kokuzira zinthu pa diso lakumanja n'kutsegula wotchi ya dalaivala wina yomwe inkatsalira mphindi zitatu pa tsiku. Pa kagudumu kena panali kafumbi. Anauzira.

Dzuwa la m'mawa linkalowa chammbali pansi pa denga la khondelo, ndipo linagwera pa chivindikiro cha wotchiyo. M'kagalasi kaja anaona timadontho. Tinali tating'ono kuposa mutu wa singano, titamwazikana pa chitsulo chowala. Anatiwerenga. Tinali khumi ndi kamodzi. Mmisiri yemwe anawaphunzitsa ntchito ankawamenya pa dzanja chifukwa cha zomwezi, amvekere m'kamwa ndi m'dambo, wotchi imachita dzimbiri. Anawapatsa kampira kopopera mpweya, koma kanang'aluka zaka zambiri zapitazo ndipo sanagulenso kena. Anayang'ana timadonthoto tikuuma kamodzikamodzi. Milomo inali ikadali yosongoka. Ndipo inawakumbutsa komwe inasongokera dzulo.

Anakhala osagwedezeka mpaka a Nsapato anafunsa ngati wotchiyo yawatukwana. Atawafotokozera, a Nsapato anasiya kusoka. Anafunsa ngati alipo anaona. Anafunsanso ngati mayiwo akutentha thupi. Atamva kuti ayi, anakoka ulusi ndi mano n'kuuluma.

"Achimwene, pakamwa panu palakwa kamodzi. Musapalole kulakwa kawiri. Tsekanipo."

A Mawotchi anabwezera chivindikiro pa wotchi ija isanathe kukonzedwa, zomwe anali asanachitepo. Anakhoma benchi nthawi ya 11:20.

Anapeza Aphunzitsi atakhala tsonga, tsitsi atalukidwa kumene ndi mayi wa bedi loyandikana uja. Chikwama chinali chitapakiridwa kale, chili pansi pa bedi, kutatsala masiku awiri athunthu. Anayamba kufunsa ngati neti ya khanda yapezeka, ngati beseni lalikulu latsukidwa. A Mawotchi anakoka mpando, anakhala, n'kunena motsitsa mawu zomwe anachita.

"Ndinamva," Aphunzitsi anatero. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndikumva fuu ameneyo. Ndingamuphonye?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti amuna anga apuma?"

Anapitiriza mofatsa, ngati akufotokozera mwana wochedwa kumva. Anati mpweya umenewo agona nawo chipinda chimodzi moyo wawo wonse, mkonono ndi chifuwa chomwe, ndipo sunawaphe. A Mawotchi anati umenewo unkadutsa pamphuno, koma wa dzulowu unalowera pa khomo lopanda mlonda. Anawonjezera, posowa chonena, kuti sunga khosi mkanda woyera udzavala. Aphunzitsi analoza kachubu ndi chibwano n'kunena kuti mkanda wake avala kale, ndi umenewu, ndipo ndi woyeradi.

Kenaka nthabwala zinawathera.

"Bambo inu, mdzukuluyu ndimamudziwa pa foni basi. Maso ndawaona, kulira ndakumva. Kulemera kwake sindikukudziwa. Mayi ake akabwerera, kubweranso ndi Disembala. Disembala ndi kutali kwa munthu wodyera mu chubu." Anawagwira pa mkono. "Thupi ndi langa. Silikutentha. Khalani chete masiku awiri okha."

A Mawotchi anayang'ana dzanjalo. Linali litaonda moti mphete anaichotsa kuti ingatayike. Palibe chomwe ankachifuna padziko kuposa kumva dzanja limeneli likutsegula kabati ya kukhitchini Lachisanu masana. Akanatha kukhala chete. Kukhala chete ndiyo inali ntchito yawo. Ankatha tsiku lonse osayankhula mawu makumi awiri. Koma ankadziwanso momwe dzimbiri limayambira. Wotchi imayenda bwinobwino sabata yathunthu, mwini wake n'kumakutamanda, kenaka tsiku lina imangoima. Ndipo anakumbukira pa 30 Epulo, pamene mayi yemweyu anawayang'ana m'maso n'kuwafunsa mwaulemu kuti, adokotala, amuna anga abwera?

Anakhala pampandopo mpaka kutatsala mphindi zisanu kuti belu lotulutsa alendo lilire. Ataimirira, Aphunzitsi anachotsa dzanja lawo.

"Mukakanena, musadzabwerenso pano ndi nkhope yachisoni."

A Sista anali pa tebulo lawo akulemba. Anamvetsera osadula mawu, osasintha nkhope. Funso lawo loyamba linali la nthawi, ndipo a Mawotchi anati inali 11:01, kapena masekondi ochepa kupitirira apo. Anafunsa ngati masiki anali pansi pa mphuno kapena pansi pa mlomo. Analemba. Kenaka anatulutsa fomu ija, anaika rula, n'kujambula mzere umodzi wowongoka pa masaini atatu onse. Pansi pake analemba madeti atsopano: 3, 5 ndi 9 Juni. Kutuluka, zonse zikayenda bwino, pa 10.

"Inenso ndinatembenuka," anatero. "Sindimayenera kusaina zomwe sindinaone. Zilembedwa zonse ziwiri."

A Mawotchi anafunsa ngati tizilombo talowa.

"Sindikudziwa. Mwina ayi. Koma kachilombo sikagogoda polowa. Mwachita bwino kuti tikadikire tili maso."

Masana omwewo anasintha cholumikizira cha pakamwa pa kachubu ndi paipi yonse ya thumba, ndipo analamula kuti kutentha kwa thupi kuziyezedwa maola anayi aliwonse. A Sista anapatsa a Mawotchi masiki amtundu wina, okhala ndi kawaya kopinda pamphuno, ndipo anawaonetsa momatira kapulasitala kuti magalasi asachite nkhungu. Anawauza kuti akanangowadandaulira za nkhunguyo tsiku loyamba.

Aphunzitsi anasiya kuwayankhula. Lachinayi a Mawotchi atabwera ndi zovala zochapa, mayiwo anatembenukira kwa mnzawo wa bedi loyandikana n'kumupempha kuti auze bambo okonza mawotchiwo kuti thaulo abweretsalo ndi lopukutira mbale. Mnzawoyo anapereka uthengawo mokhulupirika, ngakhale mwini uthenga anali atakhala pakati pawo. Tsiku lomwelo 2 koloko masana choyezera chinaonetsa 37.8. A Sista anati chikhala tsiku lina sakanachita nacho chidwi, poti sichinafike 38. Koma dokotala atawerenga zomwe zinalembedwa dzulo lake, anatenga magazi kawiri, ena mu kachubu ena pa mkono, n'kunena kuti wodwalayo asatuluke m'wodi ngakhale kupita pansi kufikira zotsatira zitabwera Lolemba. Lachisanu m'mawa thupi linali pa 36.9, ndipo linakhala pomwepo. Chikwama chija palibe anachimasula.

Mwana wawo anafika monga anakonzera. Atamva nkhani yonse sanadzudzule aliyense. Anangoyang'ana bedi lokokedwera pawindo lija ndi thabwa la magolovesi, n'kunena kuti ababa, makataniwa mwawatani.

Loweruka masana anapita kuchipatala atatu. Pa khomo la pansi mlonda analoza chikwangwani cha zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sanafune kumva zambiri. Anagwirizana zolowa mosinthana. Mwanayo anamasula khandalo kumsana, analipereka kwa bambo ake, n'kukwera masitepe.

A Mawotchi anatsala panja, m'mphepete mwa poimika magalimoto, pansi pa mtengo wopanda mthunzi wokwanira. Manja awo anazolowera zinthu zomwe ukayetsemula zimasowa. Ichi chinali chofunda, chofewa, chosakhazikika, ndipo chinkalemera kuposa momwe chinkaonekera. Kanali kamtsikana. Kanawagwira kolala ya jekete n'kuyamba kuiyamwa. Iwo anawerenga mawindo a nsanjika yachitatu kuchokera kumanzere. Windo lachisanu linali lotseka. Patapita mphindi zisanu ndi ziwiri linatseguka, ndipo anaona mitu iwiri, ndi chitsulo cha thumba chili chilili kumbuyo kwawo ngati mlendo wachitatu.

Ananyamula khandalo m'khwapa n'kulikweza pamwamba pa mutu wawo, nkhope italoza kuwindoko. Dzanja loonda linatuluka n'kuyamba kubayibitsa. Khandalo linkayang'ana njiwa yomwe inatera pa denga la ambulansi. Analitembenuza, ilo n'kubwezanso mutu ku njiwa. Mikono inayamba kuwawa, kenaka kunjenjemera, koma sanalitsitse kufikira dzanja lija litabwerera mkati. Atalitsamiritsa paphewa, linageya n'kubweza mkaka.

Itakwana nthawi yawo yolowa, anapeza Aphunzitsi atabwerera pabedi, maso ali kudenga. Anakhala pampando osayembekezera kanthu. Mayi wa bedi loyandikana anadzikonza kuti alandire uthenga.

"Ndi wolemera bwanji?" Aphunzitsi anafunsa, osadzera kwa aliyense.

A Mawotchi anaganiza kaye, chifukwa sankafuna kunama.

"Ngati makope a kalasi imodzi."

"Ana makumi anayi?"

"Makumi asanu. Ndi rejisitala yomwe."

Aphunzitsi anatembenuza mutu. Maso awo anakaima pa phewa la jekete, pomwe panali banga loyera, lotsetsereka mpaka pa thumba. A Mawotchi anapepesa n'kuyamba kufufuza mpango.

"Musapukute. Bwerani kuno. Ayi, osati uko, mbali inayi."

Anazungulira bedi kupita kumanzere, kutali ndi kachubu, n'kuwerama. Aphunzitsi anagwira jeketeyo ndi zala ziwiri, anaikokera pafupi, n'kuika mphuno pa bangalo. Anatseka maso. Anakoka fungolo kamodzi, kawiri, pang'onopang'ono, ngati munthu womwa madzi omwe wauzidwa kuti ndi otsiriza. Msana wa a Mawotchi unkawawa, koma anakhalabe chiweramire.

Belu litalira, Aphunzitsi anati jeketeyo itsale. A Sista, omwe ankadutsa ndi thireyi, anaima. Anayang'ana jekete, anayang'ana pulasitala, n'kunena kuti pabedi ayi, koma pampando, chakumiyendo, ndipo mawa ipite kukachapidwa.

A Mawotchi anaikoleka pamsana pa mpando, phewa la bangalo ataliloza kumutu kwa bedi. Anatsika masitepe ndi malaya okha. Panja mphepo inali itayamba, ndipo mwana wawo anawafunsa komwe asiya jekete. Anati ili ndi amayi ako. Anayenda atatu kulowera ku siteji ya basi, khanda litagona kumsana, kaphazi kamodzi kopanda sokosi kakulendewera kunja kwa nsalu.